Nyale Yotsuka Chipinda cha Thandiwe

Mchinji
18 Julaye 2024

Okondedwa achemwali anga a Consolata,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi alamu. Ine ndikulemba ndili kuchipatala, osati kumudzi kwa Mavwere. Pafoni sindingalankhule izi, anthu omvetsera achuluka pano.

Mwana wanu Thandiwe anachira, koma anachita kumung'amba. Khanda ndi lalikazi ndipo lili bwino. Vuto ndi bala la mayi wake. Layamba kutuluka mafinya, thupi likutentha. Adokotala akuti tizilombo tinalowa m'balamo konkuno. Munthu kubwera wabwinobwino, matenda n'kuwatola pamalo ochiritsira?

Ananena kuti amusamutsire m'chipinda chayekha. M'menemo munali mayi wina wa kwa Dambe wa bala lomweli. Ngati anatuluka akuyenda kapena ayi, aliyense amene ndamufunsa akuyankha zake.

Akuti ndisade nkhawa chifukwa kunabwera makina atsopano. Ndi chinthu chachitali ngati munthu, cha matayala, chokhala ndi nyale zazitali. Amachikankhira m'chipinda, onse n'kutuluka, n'kutseka. Pansi pa chitseko pamangooneka kuwala kwa buluu. Akuti kuwalako kumapha tizilombo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chimayera ukachikwecha. Kokhala agadiyani ena akuti chimaumitsa mkaka wa m'mawere, ena akuti akuyesera pa ife. Zoona sindikuzidziwa. Koma ngati n'chabwino, bwanji eni ake amachithawa?

Mukudziwa kuti gadiyani amagona pansi pa bedi la wodwala wake, ndipo m'wodi katundu amasowa. Ndiye nditamva zosamuka, ndinamanga mphasa, zitenje ndi beseni, n'kukaziika pansi pa bedi latsopanolo. Palibe anandiona. Kenako anayatsa makina awo. Atatsegula ndinakoka katundu wanga, m'mphasamo munatuluka mphemvu yamoyo, ikuthamanga bwinobwino.

Ndinaitana anamwino, a Lucy. Ndinati, "Taonani. Makina anu alephera mphemvu yooneka ndi maso, nanga zosaonekazo?"

Sanayang'ane mphemvuyo, anayang'ana mphasa. "Amayi, katunduyu walowa liti muno?"

Ndinawauza.

Anagwira mutu. "Nyaleyi imapha pomwe yawalira, pamthunzi sifika. N'chifukwa chake timayamba tapukuta ndi mankhwala. Mphasa yanuyi yakhala ikugona pansi m'wodi muja, ndiye mwatibweretsera wodi yonse muno."

"Ndiye mukuvomera kuti pansi pa bedi sifika?"

"Ndikuvomera, amayi. Sindinanene kuti ndi Mulungu."

Yankho limenelo sindikudziwa ngati linanditonthoza kapena linandiopseza. Anati ayambirenso kutsuka, koma makinawo anali atapita kale kuchipinda cha opaleshoni. Thandiwe anagonanso m'wodi chifukwa cha mphasa yanga.

Madzulo kunabwera mkamwini, a Lovemore, kuchokera kuboda kumene anasiya thiraki yawo. Anaima chapatali mwaulemu, koma mawu anali olimba. "Apongozi, timutulutse. Ndimuwolotsa ndipite naye ku Chipata." Achemwali, mtima wanga unkafuna kuvomera. Koma ndinaganiza za kugwedezeka panjira ndi bala lotere, komanso ndani akudziwa zimene zili pansi pa mabedi akumeneko? Thandiwe anangoti, "Amayi, musandinyamulenso, ndatopa." Ndinakana. A Lovemore anati chikachitika chinthu ndiyankha ndine, ndipo chichokereni sanandipatsenso moni.

M'mawa mwake ndinaima pakhomo pamene ankatsuka kachiwiri. Anapukuta zitsulo zonse za bedi, anaimika matiresi, anayatsa nyale yawo, n'kuisuntha, n'kuyatsanso. Wotsukayo anati, "Agogo, mukufuna yunifolomu?" Sindinaseke.

Tsopano Thandiwe ali m'menemo. Ine sandilola kugona pansi pa bedi lake, ndipo ndikafuna kulowa ndiyambe ndasamba m'manja iwo akuona. Dzulo thupi linazizirako, lero m'mawa latenthanso. A Lucy akuti mankhwala amatenga nthawi. Ndimawayang'ana kumaso akamanena choncho, koma anthu awa nkhope zawo sizinena kanthu.

Ngati mungathe, bwerani. Mtedza kumudzi ukadali pamulu wosathothola, koma zimenezo si zimene ndikukuitanirani.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Thandiwe akupereka moni. Mchombo wa khanda wagwa, ndipo mayi wake wati dzina likhale lanu, Consolata. Ndinati tidikire tikatchulire kumudzi monga timachitira, koma wakana. Wati ndikulembereni lero lomwe kuti mudziwe kuti mwanayo ndi wanu. Kufulumira kwakeko sindinakukonde.

Ndine mng'ono wanu,
Anasi