Ndemanga Yofiira pa Dzina la Bambo

Lolemba, 3 Malichi

Ndatsegula shopu ya Bambo koyamba chidwalire iwo. Fumbi ponseponse. Fungo la mafuta a makina. Kapu yawo idakali pa tebulo, tiyi anaumira pansi pake. Sindinaitsuke.

Mwini nyumba akufuna chipinda chake mwezi wamawa ukamatha. Sanakalipe. Wangoti pali wina akufuna kutsegulamo saluni.

Makamera ali mbwee m'mashelefu, malenzi m'madilowa, ena okulungidwa m'masokosi akale. Zaka zonsezi ntchito ya Bambo inali yomweyi: kugula makamera akufa, kuwakonza, kuwagulitsa pa okushoni ya pa intaneti. Pano dzanja lamanja silikugwira, mwendo akuchita kukoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Sitiroko. Akukhala kwanga, m'chipinda chomwe ndinkasungiramo katundu.

Zonsezi zigulitsidwe basi. Mankhwala, wa mafizo wowaongola ziwalo, matewera a akuluakulu. Malipiro anga a ku ofesi ya mabasi sangakwanire.

Akaunti ya pa okushoni ndi yawo. Andiuza pasiwedi chilembo chimodzichimodzi, thukuta lili kamukamu. Ndaona ndemanga zomwe ogula akhala akuwalembera. Zobiriwira zokhazokha, zoyamikira, kutsika nazo mpaka chala kutopa. Yofiira, yodandaula, palibe ndi imodzi yomwe.

Lachitatu, 5 Malichi

Kujambula katundu nthawi ya lanchi. Nsalu yoyera pa tebulo, pafupi ndi zenera, monga ankachitira eni ake. Ine za makamera ndine mbuli. Madzulo ndimawaonetsa zithunzi pa foni, iwo n'kunditchulira dzina la chinthucho ndi mtengo woyambira. Akatopa amangotsinzina, ndiye kuti tawerukatu.

Kunabwera achimwene. Nawo amagulitsa masipeyala a galimoto pa tsamba la okushoni lomweli, ndiye malangizo anali osayamba. Lalikulu: "Mlongo, ndemanga usamayambe kulemba ndiwe. Ayambe wogula. Ukamuyamikira katundu asanamufikire, wamupatsa mpeni, iwe watsala chimanjamanja."

Bambo anali pa mpando, tonse tikuyesa agona. Tinangomva ndodo gu! pansi. "Walipira... lemba."

Achimwene anaseka. Ati anthu ake a masiku ano si aja Bambo ankawadziwa. Bambo anangowayang'ana mpaka achimwene anayamba kufunsa za mankhwala.

Loweruka, 8 Malichi

Okushoni zoyamba zatsekedwa lero. Sindinkadziwa kuti anthu amadikira mphindi yomaliza kuti ayambe kulimbirana. Mtengo kungokwera, ine maso pa foni, madzi a tiyi mpaka kuphwera pa mbaula.

Ambiri alipira pompo. Ndawalembera onse: walipira msanga, wogula wabwino, zikomo.

Ndakumbukira momwe Bambo ankafotokozera akadali bwino. Ankati wogula ntchito yake ndi imodzi, kulipira. Akalipira wamaliza mbali yake, muuze choncho. Kumusungira mawu abwino mpaka iye akuyamikire ndi kumugwira pakhosi. Nthawi imeneyo ndinkangoti eya Bambo, maganizo ali kwina.

Makatoni, nyuzi zakale, tepi. Msana ukuwawa. Tepi yatha msanga, ndipo yakwera mtengo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndemanga zayamba kubwera. Tapanga kachizolowezi: m'mawa ndikamawameta ndevu ndimayamba ndawawerengera. Katundu wafika bwino. Wopakira mosamala. Wina walemba kuti kamera ikulira ngati yatsopano. Bambo amamwetulira mbali imodzi, sopo ali kumaso. Lero anati ndibwereze ya kulirayo.

Amanditchula kuti Mayi kuyambira ndili kamwana. Dzina limeneli lokha ndi lomwe likutuluka losapunduka.

Lenzi ina yayitali inapita dzana kwa bambo wina. Walipira bwino, nane ndamulembera zabwino. Ndalama yake ndi yomwe yalipira wa mafizo sabata ino.

Lachinayi, 13 Malichi

Uthenga wochokera kwa wa lenzi uja. Akuti mkati mwa galasi muli nkhungu. Lenzi sabweza, akufuna ndimubwezere theka la ndalama, apo ayi tiona zofiira. Kumapeto waika kuti: "Paja inu mwandiyamikira kale, zikomo." Ndinawerengera pa kauntala ku ntchito, kutsogolo kwanga kuli mzere wa anthu ofuna matikiti. Mayi wina mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Pa tsamba limeneli ndemanga ukalemba walemba. Sisinthika. Iye ali nayo yobiriwira yochokera kwa ine, ine ndilibe chomugwirira.

Ndinaimbira achimwene. "Ndinanena ine." Anayamba ndi mawu amenewo. Kenako ati ndingomupatsa thekalo mwakachetechete, anthu oterewa ndi ntchito yawo, amasaka ogulitsa oyamba kulemba.

Sindinamupatse. Ndamuyankha kuti abweze lenzi, ndimubwezera zonse ndi za positi zomwe. Ngati ndi yoipa akuikakamiriranji?

Lachisanu, 14 Malichi

Wakana. Akuti alibe nthawi yopita ku positi.

Bambo sindinawauze. Adya pang'ono. Mvula tsiku lonse, zochapa sizinaume.

Lolemba, 17 Malichi

Ndemanga yake yalowa dzulo. Yofiira, pamwamba penipeni, aliyense wotsegula tsamba la Bambo akuyambira pomwepo. "Wogulitsa wabodza. Lenzi yankhungu. Chenjerani naye."

Wabodza. Bambo anga, omwe ankathamangira kasitomala mpaka pa siteji kukamupatsa chenji choiwala.

M'mawa ndinafuna kuilumpha. Ndinayamba kuwerenga yachiwiri. Koma anaona chala changa chikuthawa. Anatambasula dzanja lamanzere, ndinawapatsa foni. Anawerenga okha, milomo ikugwedera. Nthawi yayitali. Sopo anaumira pa tsaya.

Ndinayamba kufotokoza kuti munthuyo ndi wakuba, amafuna theka, ndinamuuza abweze anakana. Anandidula ndi dzanja. "Zithunzi."

Ndinawaonetsa zithunzi za lenziyo, zomwe ndinajambula ndekha. Anati ndikulitse. Ndikulitsenso. Kenako chala chawo chinaima pakona. Timizere toyera, topyapyala ngati ulusi wa kangaude. Ine ndinkayesa kuwala kwa pa zenera.

"Ilipo."

Lenzi imeneyi ndinaiika pa okushoni tsiku lomwe anagona msanga. Sindinafune kuwadzutsa. Ndinalemba kuti galasi ndi loyera chifukwa m'maso mwanga linali loyera.

"Bweza... zonse." Ndinati Bambo, watinyoza kale, lenzi ali nayo, ndalama tinadya. Tibweze za chiyani? Anangobwereza. Kenako anati pansi pa yofiirayo, pomwe wogulitsa amayankhira, ndilembe mawu awo. Anawatchula limodzilimodzi: "Zoona. Sitinaone. Pepani."

Ndalemba. Ndili ndi ukali, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndabweza zonse. Wa mafizo ndamuuza asabwere sabata ino.

Wa lenzi sanati n'komwe zikomo. Yofiira ili pomwepo, sichoka. Okushoni za dzulo zatsekedwa pa mitengo yozizira. Kaya ndi chifukwa cha iyo, kaya ndi pakati pa mwezi chabe.

Achimwene akuti Bambo akhale ndi chilungamo chawo, koma amene akugula matewera ndi ine. Zinandipweteka chifukwa ndi zoona.

Ndaganiza ndekha: kuyambira lero ndizidikira. Wogula alandire, alembe, kenako ine. Bambo sakuyenera kudziwa.

M'mawa sanafunse za ndemanga. Ndinangowameta.

Loweruka, 22 Malichi

Yapita kamera yakuda ya Bambo. Siinali yogulitsa, inali yawoyawo. Ndi yomwe anatijambulira tonse tili ana, ndi maliro a amayi omwe. Anaisankha okha kuti ipite, ati kamera yosajambula imafa. Asanandipatse anaipukuta ndi dzanja limodzi ataipanira m'miyendo, pafupifupi masana onse.

Wagula mayi wina wa kutali. Walipira nthawi yomweyo, n'kulemba kauthenga kuti ndi ya mwana wake wamkazi yemwe wayamba maphunziro a zojambula.

Sindinamulembere ndemanga.

Madzulo ndikuwapatsa mankhwala Bambo anandifunsa ngati ndamulembera wogulayo. "Mayi... walemba?" Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kutsinzina.

Katoni ndamanga, ndaika kuseri kwa chitseko. Lolemba ku positi. Bambo akudandaula mutu, ndawapatsa panado.

Lachiwiri, 8 Epulo

Tinaika Bambo Lachinayi lapitali.

Anagwa Lolemba lija m'mawa, ndikuwatenthetsera madzi. Sitiroko yachiwiri, yayikulu. Kuchipatala sanatsegulenso maso. Ndinkagona pa benchi, achimwene akubwera akaweruka. Tsiku lina ndinawapeza achimwene akuwameta ndevu, akulira ngati mwana.

Abale abalalika dzulo. Nyumba yakula. Ndodo ili pa mpando, nsapato pansi pa bedi. Mankhwala otsala sindikudziwa kuti ndipite nawo kuti.

Lero ndikusesa ndinakankha chitseko, n'kuona katoni. Kamera ya mayi uja. Masabata awiri ndi kuposa, ili pompano. Ndinangokhala pansi, tsache lili m'manja.

Tsamba la okushoni sindinalitsegule chigwere Bambo. Ndinadziwa chomwe ndikachipeze. Munthu walipira, katundu osafika, wogulitsa zii. Ndani sangalembe yofiira? Ine ndikanalemba.

Ndinatsegula. Yofiira ndi imodzi yomwe ija. Mauthenga awiri ochokera kwa mayiyo. Woyamba wongofunsa ngati katundu ananyamuka. Wachiwiri wa Lamlungu, ndaukopera pano kuti ndisauiwale:

"Bambo kaya mayi, kamera sinafikebe. Mwana akundivutitsa kuti ndikadandaule, koma sindinalembe kalikonse. Ndawerenga zomwe anthu akhala akukulemberani, simunachedwepo. Ndaonanso momwe munayankhira yofiira ija. Ndiye ndaganiza kuti mwina kwagwa china. Kaya muli bwanji kumeneko?"

Masiku onse a maliro ndinalimba, ndikuphikira anthu, ndikulozera mipando. Pa uthenga wa munthu wosamudziwa ndi pomwe ndinagwa. Ndalira mpaka aneba anagogoda.

Iye wandidikira ndalama zake zili kwa ine. Ine ndinamumana mawu awiri katundu wake ali kuseri kwa chitseko changa.

Lachitatu, 9 Epulo

Positi m'mawa, yachangu, ndalipira ndekha.

Ndisanapite ndinamulembera ndemanga yake. Walipira tsiku lomwelo, wogula woleza mtima, wolakwa ndi ife. Yachedwa, koma yalembedwa.

Kumuyankha kunandivuta. Ndinalemba kuti Bambo anamwalira, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufutanso. Mawuwo ndikawaona pa foni akuoneka ngati bodza. Ndangoti kunali zovuta pakhomo, pepani kwambiri, katundu wanyamuka lero.

Wayankha kuti palibe kanthu, Mulungu atilimbitse.

Loweruka, 12 Epulo

Kukokolola mu shopu. Zotsala zonse watenga mkulu wina wokonza mawotchi, mtengo wongotaya. Mphamvu zojambula chimodzichimodzi ndilibenso. Tebulo atenga achimwene. Ine ndatenga tizitsulo tomasulira makamera ndi galasi lokulitsira, sindikudziwa kuti ndidzatani nazo.

Tikunyamula mashelefu achimwene anati dzulo wina anawalipira sipeya ndipo anamulembera pompo. "Kungoyesa chabe," anatero, maso ali kumbali. Kenako ati akawapusitsa ndidzawabwezere ndine. Taseka koyamba.

Koma za kudikira sanasinthe maganizo, akuti pa katundu wodula azidikirabe. Nane sindikudziwa. Wa lenzi alipo, mayi uja aliponso, ndipo polipira onse amaoneka chimodzimodzi.

Lachinayi, 17 Epulo

Ndapereka makiyi. A saluni ayamba kale kupenta, pinki. Chikwangwani cha Bambo achitsamiritsa pa khoma chadodolido.

Kamera yafika. Mayi uja walemba ndemanga yake masana ano, ndinaiona ndili m'basi. Yobiriwira. "Kamera yosamalidwa ngati mwana. Inachedwa koma anapepesa. Wogulitsa woona mtima, ndidzagulanso kwa iwo."

Chogula kulibenso, mayi.

Ndafika kunyumba, ndakhala pa bedi lawo. Achimwene anati akaunti ya munthu womwalira imayenera kutsekedwa, ndiye ndatsegula pomwe amatsekera. Ikufunsa chifukwa. Pali timabokosi toti ndisankhepo: malonda sakuyenda, ndapeza tsamba lina, sindinakhutire ndi ogula. Pansi pali kabokosi kopanda kanthu, akuti zina, fotokozani.

Ndayamba kulemba kuti mwini wake...