Udzu wa Padenga Lanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ku Dubai ndili bwino, kungoti kutentha n'komwe kuja ndinkakuuzani, koti ukayanika chitenje, usanatembenuke chauma. Ndikugwirabe ntchito kwa azungu aja a ku Al Barsha, ndipo kamwana kamene ndinayamba kulera kali kakhanda pano kali pasukulu. Kumudzi nako zinthu zayenda. Mng'ono wanga Tiyamike anabereka mwana wamkazi mu Epulo, amutcha dzina lanu, ndipo akuti makani ake ndi a mwini dzina. Chimanga chinachita bwino koma mtedza unawola ndi mvula yomaliza. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, ndipo kuba sinasiye.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi nyumba yanu. Achimwene a Limbikani anandiimbira sabata yatha. Akuti papita mvula ziwiri chikuikireni m'manda, denga lagwa mbali ya kuchipinda, chiswe chalowa m'phaso, ndipo akuluakulu akuti nyumba ya malemu isamangoima yopanda munthu, ipasulidwe. Akufuna kumanga yanjerwa pamalopo, afolere ndi malata ndinatumiza aja, amene inu simunawamveko kulira kwake pamvula. Akuti poti ndine mwana wamkazi wamkulu, mawu omaliza ndi anga, ndiwayankhe pofika Loweruka.

Chikhala chaka chatha ndikanangoti pasulani. Koma mu Julaye, dzuwa likafika poipa, azunguwa amathawira kwawo ku Mangalande, ndipo ulendo uno ananditenga kuti ndizikayang'anira ana. Ine ndinkati ndikaona nyumba zosanja zoposa za kuno. Amayi, kwawo kwa madamu ndi kumudzi. Kamsewu kamodzi kokhotakhota, kopapatiza moti galimoto ziwiri zimachita kudikirana, tchalitchi chamiyala, manda pambali pake, nkhosa kuseri. Ndipo nyumba zake, musaseke, n'zofolera udzu. Makoma opindika, zitseko zazifupi zoti bwana wathu amalowa chowerama, ngati mmene ankachitira abusa pakhomo panu. Ndinafunsa madamu ngati eni ake ndi amphawi, ndipo anaseka mpaka misozi. Anati nyumbazo zakhala zaka mazanamazana, okhalamo ndi anthu opeza bwino, ndipo lamulo sililola munthu kuzigwetsa kapena kusintha zenera mwachisawawa. Anthu amachita kubwera pa mabasi kudzajambulitsa pamenepo.

Tsiku lina ndinapeza bambo wina ali padenga akufolera. Ndinaima pamenepo mpaka ana anayamba kundikoka siketi. Ankasanja mitolo kuyambira m'munsi, n'kumamenya ndi kathabwa kuti ilingane, monga ankachitira malemu atate, inu muli pansi kuwaponyera mitolo uku mukuwakalipira kuti akuumira udzu ngati anamweta ndi iwo. Fungo la udzu wouma lija linandipeza pamsewu wa eni. Madamu anati ndiime pakhomo la nyumbayo andijambule. Ndinaima, ndinamwetulira, kenaka ndinakalirira kuseri kwa tchalitchi.

Mukudziwa chimene ndinalirira. Chaka changa choyamba kuno, tikaweruka kumapemphero ku Oud Metha, ndinkakuimbirani foni yoonana nkhope ndili ndi anzanga a ku Lusaka. Ndisanaimbe ndinkauza Tiyamike kuti akutengeni mukaime pakhoma la njerwa la kwa aphunzitsi, kuti anzangawo asaone udzu. Munkavala chitenje chanu chakutchalitchi n'kuyenda mpaka kumeneko ndi mwendo wotupa uja, osadandaula. Kamodzi kokha ndi pamene munati, "Mwananga, nyumba imene inakubisa pamvula, lero wayamba kuibisa ndiwe?" Ine ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula foni.

Ndafufuza m'foni monse, Amayi. Zithunzi zanu zonse mwaima pakhoma la eni. Palibe ngakhale chimodzi muli pakhonde lanu, limene munkazira Loweruka lililonse ndi dothi lakuda la kudambo, n'kutithamangitsa ndi tsache tikapondapo lisanaume. Munkakonda kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ine n'kumati ndi zokamba za achikulire. Zinatengera kuti ndione azungu akunyadira udzu wawo kuti ndisiye kuchita manyazi ndi wanu, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa china chilichonse. Ndakusowani, ndipo ndasowa kuzizira kwa m'nyumba mwanu masana a mu Okutobala, kumene makina oziziritsa a kuno sangakupange.

Loweruka sindinalidikire. Dzulo ndawauza achimwene kuti yanjerwayo amange kumunsi kwa mango, malo alipo, koma yanu asaikhudze. Anang'ung'udza kuti Dubai yandizunguza mutu, nanga akuluakulu adzati chiyani. Ndawayankha kuti akuluakulu akufuna nyumba ikhale ndi munthu, ndiye munthu wake ndine. Tiyamike ndamupempha amwete udzu wotsala kudambo moto usanadutse, ndipo achimwene, ngakhale mokoka miyendo, avomera kudula phaso latsopano. Madamu andilola tchuthi mu Okutobala.

Ndibwera mvula isanagwe. Mitolo ndidzaponya ndekha, khonde ndidzazira ndekha, ngakhale manjawa afewa ndi sopo wa eni ndipo mukanandiseka. Ndidzagona m'chipinda chanu. Lamulungu ndidzawaimbira anzanga aja nditaima pakhomo panu, foni nditaikweza kuti denga lonse lioneke, ndi kuwauza kuti ndinabadwira m'menemu. Chondiwawa n'chakuti pachithunzi chimenecho, choyamba cha pakhomo panu, inu simudzakhalapo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti ndili moyo denga lanu silidzadonthanso.

Ndine mwana wanu,
Esinati