Makutu Anga Akutseka

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma makutu ndiye ayi.

Ndidakali kuholo ya nyimbo ija, komwe ndimakunga zingwe za piyano oimba asanafike. Nyimbo zake n'zakalekale, zopanda mawu, ndipo ozipeka anangozipatsa manambala ngati nyumba za lendi. Maina omwe zimatchuka nawo anapereka ndi omvera. Nafenso antchito tinazipatsa maina athuathu. Ina timaitcha Chifuwa, chifukwa pakati pake imalira motsitsa kwambiri, moti umamva aliyense wotsokomola m'holo monse. Ina ndi Apongozi Akwiya. Imeneyo simufunika kufotokozeredwa.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wotchuka kudzaimba Chifuwa. Piyano ndinaikunga ndekha, maola awiri athunthu. Poyeserera, atafika pamalo otsitsa paja, anasiya n'kundiyang'ana. Ine ndinali kungomwetulira ngati chitsiru, poti sindinkamva kanthu, ndinkangoona zala zikuyenda. Anati zingwe zitatu sizikulira bwino, ndipo anafunsa abwana ngati ndinali nditamwa. Bola ndikanamwa, Achemwali, mowa umatha m'mutu.

Adokotala akuti makutu onse awiri akufa pang'onopang'ono ndipo palibe mankhwala. Mawu aang'ono ndiwo ayamba kuthawa, aakulu atsatira. Abwana sanandichotse ntchito, angoti ndizisanja mipando. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikudyera makutuwa. Lero piyano yanga akuikunga ndi munthu wina, ine ndikudutsa pambali ndi mpando paphewa. Kunena zoona mtima wanga wafooka, ndipo sindikuona kolowera.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapita kwa amayi, mukawajambule mawu pa foni munditumizire. Asavutike ndi kuimba. Angolankhula basi, ngakhale kundikalipira kuti ndinawataya zaka zonsezi, ndilandira. Za makutuzi musawauze, angayambe kusala kudya. Koma chonde musachite zija zanu zoti mawa, mawa. Amayi mawu awo ndi aang'ono, ndipo ulendo watha pa foni ndinkangovomera kuti inde amayi, inde amayi, osamva chomwe akunena.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi kwa ana onse. Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
Wosanja mipando