Apilo Inali kwa Amayi

Lachinayi, Novembala. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga uli kumudzi.

Pa lanchi ku ofesi anzanga amakangana za majaji a khoti lalikulu la ku Amereka, amene amakhala pampando mpaka imfa. Wina anafunsa kuti, "Nanga akayamba kuiwalaiwala, amawachotsa ndani?"

Bambo anga anali majisitireti. Atawapumitsa ntchito chifukwa cha zaka anakwiya kwambiri, ati mutu unali ukugwirabe. Kunyumbanso ankaweruza. Ine ndi mchimwene wanga Chifundo tikamenyana, ankatiimika pakhonde, aliyense anene mbali yake popanda womudula pakamwa. Chigamulo chikatiwawa, apilo inali kwa amayi kukhitchini. Ndi amayi okha amene ankatha kunena kuti, "Apa mwalakwa, abambo a Chifundo."

Nditatsika sitima ku Woolwich, komwe ndimakhala kuno kudziko la eni, ndinawaimbira foni bambo. Anandifunsa kawiri ngati ndadya, kenako anati, "Uwauze amayi ako andisitire jekete, mawa ndili ndi mlandu."

Amayi tinawaika m'manda chaka chatha.

Ndinangoti ndiwauza. Wowatsutsa uja kulibenso, ndipo ine sindingathe. Ndikungolakalaka khonde lija, nditaima njo, iwo akundiloza kuti, "Yamba ndiwe."