Bambo Akukana Dokotala Wina

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kudziko la eniko, pamodzi ndi anzako a mumpingo amene munapita kukathandiza odwala. Kuno ana ali bwino, alamu ako msana uja wayamba kuleza. Koma za bambo ndiye zandilembetsa kalata ino, ndipo ndikulemba nditapsa mtima.

Lamulungu lapitali kutchalitchi anatseka makatani n'kutionetsa zithunzi zanu pakhoma. Tinakuona uli m'kasukulu ka kumudzi kamene mwasandutsa chipatala, ukumasula bandeji m'maso mwa nkhalamba ina, iyo ikuseka itakugwira masaya. Abusa anati mwachotsa ng'ala anthu ambirimbiri, onse kwaulere. Tchalitchi chonse nthungululu.

Bambo anali pabenchi la kutsogolo, ali m'jekete, akuomba m'manja kuposa aliyense. Kenako anandikodola n'kunong'ona kuti ndiwauze ngati wanenepa kapena waonda, chifukwa iwo pakhomapo amangoona utsi.

Iwe, ndinatuluka panja. Ndikanakhala ndikanalankhula zosayenera m'nyumba ya Mulungu.

Ng'ala ya bambo ija unaiona wekha chaka chatha. Unati sinakhwime, udzaichotsa ndi manja ako ukabwera. Pano yakuta maso onse awiri. Ukabwera wakewo ndi uti? Ulendo umodzi ukatha mumayamba wina, ndipo tamva kwa abusa, osati kwa iwe, kuti wawonjezeranso miyezi.

Kushopu yawo yosokera zovala zinthu zaipa. Ulusi pasingano ndimawalowetsera ine m'mawa ndisanapite kuntchito. Ukaduka masana amangokhala, kudikira wodutsa. Mwezi watha anadula nsalu ya diresi laukwati mophonya mzere wa choko, mkwatibwi analira pakhomo pomwepo mpaka anthu kusonkhana. Telala wa zaka zonsezi, lero makasitomala akumulambalala. Dzana anafuna sizasi patebulo n'kugwira nsimbi yamoto. Chikhatho chonse matuza okhaokha. Ndikuwamanga, anandiletsa kukuuza, ati ndisasokoneze ntchito ya Ambuye. Ndakuuzabe.

Titapita kuchipatala ndi chilondacho, ndinawakokera kuchipinda cha maso. Dokotala wake, mayi wina wofatsa, anawaunika n'kunena kuti ndi opaleshoni yaing'ono, angathe kuchita sabata yamawa. Bambo anatola chipewa n'kuimirira. Ati diso lawo mlendo salikhudza. Ati anaphunzitsa mwana ndi makina osokera omwewo, mwanayo analonjeza, ndipo mwana wawo sanama. Potuluka anagunda chitseko ndi phewa, n'kuchipepesa poyesa munthu. Amene anali pamzere anaseka. Ine misozi.

Usaganize kuti ndikudana ndi ntchito yako. Nkhalamba za kumeneko nazonso ndi makolo a anthu. Chikundiwawa n'choti unasiya lonjezo m'nyumba muno, ndipo lonjezolo ndi limene likuwatsekera kumdima. Ukanangokhala chete, bwenzi pano akuona.

Ndiye tamvera. Usanditumizire vesi, mavesi ndili nawo. Ngati ungathe kubwera, bwera. Ngati sungathe, imba foni, uwauze ndi pakamwa pako kuti subwera msanga, ndipo alole mayi uja awachotse ng'alayo. Ndikudziwa kuti mawu amenewo akulemera, chifukwa bambo amakutenga ngati mngelo ndipo iwe unazolowera. Tsikako pang'ono. Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma, samandimvera.

Dzina lawo ndalembetsa kale kuchipatala, iwo sakudziwa. Tsikulo likafika usanaimbe, ndikawauza ndekha kuti mwana wawo wawonjezera miyezi osawauza, ndipo sindikometsera.

Mulungu akusunge ndipo adalitse manja ako. Upereke moni kwa anzako onse, makamaka anamwino amene unati amakusamala. Ana akuti amalume abwere.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana