Mawu a pa Chiliza cha Bambo

Lolemba, 4 Ogasiti

Msonkhano wa chiliza cha bambo. Simenti yafika, mwala uli kwa wosema ku Nathenje. Kwatsala mawu. Bambo aang'ono a Aubrey, ndi utichala wawo uja, akufuna Chingelezi pansi pa dzina: "amiable." Azakhali a Felesiya m'manja phwaphwaphwa, tanthauzo asanalimve n'komwe. Wokapereka mawu kwa wosema ndine, poti ndinafika Folomu 4. Amayi maso pamphasa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndafufuza liwulo pafoni. Ati amanenera munthu wansangala, wochezeka, wosavuta kukhala naye. Wosavuta kwa yani? Pamsika wa Mitundu, eya. Kukonza njinga uku akuseketsa anthu, aliyense "achimwene," ndi zidakwa zomwe. Koma akafika pakhomo nthabwala ankazivulira panja ngati nsapato zamatope. Kudya chete. Ine kuwaonetsa zotsatira za mayeso, iwo maso kuwailesi. Ndili Folomu 2, iwo n'kusamukira kwa mkazi wina ku Nathenje. Osatsanzika.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Sindinapite. Ndanamizira mutu. Azakhali akuti, "Iwe Lydia, pakamwa pako mpeni. Wakufa sazengedwa mlandu." Nanga amoyo anatisiyafe tikadandaule kuti? Ndikamuuza wosema alembe dzina ndi zaka, basi. Otukwana adzatukwane.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Nathenje. Fumbi mpaka m'mano. Kwa wosema ndapezako Elube, mwana wa mkazi uja, wabwera kudzaona mwala. Nkhope ya bambo yeniyeni, mpaka kuimirira kopendekera. Moni sindinamupatse. Wayamba yekha: "Achemwali, ndinkakusilirani. Kwathu ankangokhala chete. Ndinkati kuseka konse amakakusiya kwa inu ku Mitundu."

Zaka zonsezi kudana ndi mwana wa eni chifukwa cha chinthu choti nayenso sanachilawe.

Mawu sindinapereke. Ndati ndibweranso.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndabwererako. Elube analipo, kaya anamuuza ndani. Ndamuuza wosema alembe liwu la bambo aang'ono lija. Si bodza ayi. Pamsika ponse angalumbire kuti anali wotero, ndipo odzawerenga chiliza ndi omwewo. Amutenge, ndi wawo.

Wosema, choko m'manja, akuti pansi pakadali malo. "Tiwonjezere kuti bambo wokonda ana ake? Ambiri amatero."

"Ayi."

Tonse awiri, kamodzi. Munthuyo anangobweza choko m'thumba.

Pa siteji Elube wandipempha nambala. Ndamupatsa, yolondola. Sindinakhululukire munthu aliyense, izo zidziwike. Koma foni yalira kawiri chifikireni, ndipo ine ndangokhala pakhonde, kuiyang'ana.