Samira Kulibe, Achimwene

Old Airport, Doha
Lachiwiri, 5 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Overton,

Ndisanapereke moni, ndiyankheni funso limodzi mumtima mwanu momwemo. Samira amene mwadzaza naye msika wonse wa Lizuluyo, munamuonapo? Ndi wamtali kapena wamfupi? Ngati mungathe kutchula ngakhale mtundu wa nsapato zake, ng'ambani kalatayi, ine ndavomera mlandu. Ngati simungathe, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, ndipo musadumphe mizere monga mumachitira powerenga zolengeza kutchalitchi.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko? Bondo la amayi lija likuti bwanji ndi mphepo ya Ogasitiyi? Alamu ndi ana ali bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ndikugwira ntchito. Mtima ndiwo suli m'malo.

Kalatayi ndapatsira Luckson, mnzanga wa ku Dedza amene akubwera ku livu Lachinayi. Ndalemba pamanja dala. Voisi ya pa foni imene ndinakutumizirani ija ndiyo yandigwetsera m'dzenjeli, ndiye ndati ndibwerere ku pepala, poti pepala silimva phokoso la basi. Komanso mlamu wanu Nelia anandibuloka. Sabata yachitatu ino uthenga wanga ukungoima pa tiki imodzi.

Mawu amene ndinanena mu voisi muja ndi awa, muwerenge chilembo chimodzichimodzi: S-A-M-U-R-A-I. Samurai. Si mkazi. Si munthu n'komwe. Ndi chojambula cha mu katuni ya ku Japan. Samurai anali asilikali akale a dziko limenelo, oyenda ndi lupanga m'chiuno, oteteza bwana wawo. Kunena mwachidule, anali alonda ngati ine, kungoti iwo analibe yunifolomu ya kampani.

Anandionetsa ndi Edwin, mnzanga wa ku Philippines amene timalondera naye geti imodzi ku The Pearl, dera la anthu olemera la m'mbali mwa nyanja. Basi ya kampani imatitenga kuno ku Old Airport dzuwa likungoti lituluke, ndipo ine ndi iye timakhala mpando umodzi. Tsiku lina anandiika chomvetsera chimodzi m'khutu, china n'kutsala kwa iye. Ndinamuuza kuti ine ndine bambo wa mwana, za makatuni ndinasiyira Wendy. Iye anangoti ndipirire mphindi zisanu. Papita miyezi isanu ndi iwiri.

Nkhani yake ndi ya mlonda wa pa mlatho. Bwana wake anamuuza kuti adikire pamenepo mpaka iye atabwerako, n'kupita. Zaka khumi ndi chimodzi zatha, bwana sanabwere, iye akadali pomwepo. Lupanga amalidziwa koopsa, koma ali ndi vuto limodzi. Tsiku lina anabisa tsabola m'chimake cha lupangalo kuopa anzake angamudyere, ndiye chiyambire pamenepo akangolisolola amayetsemula. Achifwamba makumi awiri amuzungulira, nkhope zoopsa, ng'oma zikulira. Iye kusolola, kuyetsemula, nsapato yake yathabwa kuuluka n'kukamenya mkulu wa achifwambawo pamphumi. Ine ndimaseka mpaka dalaivala kundiyang'ana pagalasi. Koma pamene ukuti ndi nthabwala zokhazokha, nyimbo imangoti zii. Munthu uja nkhope imasintha. Lupanga limang'anima kamodzi kokha, ndipo kumbuyo kwake nsungwi zisanu zimayamba kugwa pang'onopang'ono, ngati nazonso sizinamve kuti zadulidwa.

Mudzati ndi zachibwana. Nenani. Koma mukudziwa kuti ine ndinalekeza Sitandade 6, ndipo palibe mphunzitsi amene angaloze Chingerezi changa n'kunena kuti ndi ntchito yake. Anthu a mu katuniyo amalankhula Chijapani, Chingerezi chimalembedwa m'munsi ndipo chimathamanga. Ndinkaimitsa, kuwerenga, kufunsa Edwin, kubwereza. Lero lino supavaiza akafuna lipoti la pa geti amapereka cholembera kwa ine, kusiya anyamata a ma satifiketi.

Ndipo pali china chimene sindinauzepo munthu. Ntchito yathu ndi kuima. Mwezi uno kunja kuli chinyezi choti malaya amamatirira pamsana usanafike n'komwe pa geti. Magalasi a nyumba zazitalizo amatuluka thukuta ngati munthu. Maboti oyera amangokhala phee pamadzi, madziwo ali mbuu ngati malata atsopano, ndipo masana msewu umaoneka ngati ukuyandama. Ukaima maola ambiri pamalo otero, mutu umachoka wokha. Mu katuni muja, pafupi ndi mlatho pali mtengo wa maluwa ofiirira motuwa, amene amagwa ngakhale kulibe mphepo. Tsiku loyamba kuuona ndinamuuza Edwin kuti umenewo ndi mpichesi, iye anatsutsa, tinakangana mpaka kutsika basi. Kaya ndi mtengo wanji, ine ndikaima pa geti ndimauona. Umayamba uli wa ku Japan, kenako umasanduka uja wa kuseri kwa nyumba yanga, umene ukuchita maluwa mwezi uno womwe. Pansi pake pamakhala Nelia atatambasula miyendo, akusankha mbatatesi za mbewu, maluwa akumugwera pa duku iye osadziwa. Nthawi zina amadzutsa mutu ngati wamva kuitana, n'kuweramanso. Ndimatha kumva ngakhale fungo la dothi la mbatatesizo. Ndiye galimoto imaliza hutala, mwini wake atulutsa dzanja pawindo akuti yala yala, kutanthauza kuti fulumira, ine n'kutsegula geti.

Mkazi amene ndimakhala naye kuno ndi ameneyo, achimwene. Wina kulibe. M'chipinda mwathu timagona amuna asanu ndi mmodzi, ine bedi lapamwamba, ndipo makina oziziritsa akhala akudontha pa mapazi anga chiyambire Juni. Samirayo ndikanamuika pati?

Tsopano tiyeni tibwerere ku voisi ija, poti ndaimvetsera kakhumi. Ndinaijambula m'basi, injini ikulira, anzanga a ku Nepal akuimba kumbuyo. Ndinati musamadandaule za ine, masiku ano sindikusungulumwa chifukwa ndapeza samurai wanga. Ndinati amandiseketsa m'mawa uliwonse, ali ndi tsitsi lalitali lomanga pamwamba, ndipo ndikamadzabwera ndidzabwera naye kuti Wendy adzamuone. Ndikuvomera, ukaimva ndi khutu lofuna nkhani, nkhani ilimo. Koma inu mukanatani? Mukanandiimbira. M'malo mwake munapita nayo kwa mayi Umi ogulitsa zitenje aja, poti iwo ndi Asilamu ndiye adziwa za Aluya. Iwo anakuuzani zoona, kuti Samira ndi dzina la akazi kuno. Funso lanu ndilo linali labodza. Amati safunsa anadya phula, koma inu munafunsa pakhomo polakwika, phula lake n'kudyetsa ine.

Kuchoka apo mwaiimba voisiyo pa bawo, mwaiimba kwa alamu, alamu akaiimba ku chigayo. Pofika kwa Nelia nkhani inali itakula: Luckson akuti mkazi wake anamva ku Dedza kuti Samira ndi mwana wa bwana wanga, ali ndi galimoto yakeyake, ndipo ine ndasiya kudya nkhumba. Nkhumba ndinasiyadi, chifukwa kuno kulibe.

Mbali yanga sindibisa, ine si munthu wozungulira. Mutandiimbira patapita masiku anayi n'kundifunsa kuti Samira ndi ndani, ndinali nditangotsika shifiti, mutu ukuwawa. Sindinamve bwino, ndinaganiza kuti mukundinyoza za makatuni monga munkachitira tili ana. Ndinakuyankhani kuti ndi amene akundisangalatsa kuno, ndipo inu sizikukukhudzani, n'kudula foni. Sindinadziwe kuti mwaika pa sipika, Nelia ali pakhonde pomwepo. Pamenepo ndinalakwa. Mkwiyo wangawu mumaudziwa, ndi uja wa malemu bambo. Koma moto ndinaupeza mutayatsa kale, ine ndinangoponyapo chikuni.

M'mawa mwake Nelia anamanga katundu, kutenga Wendy, ulendo kwawo ku Mlangeni. Zimenezi simunandiuze ndinu, ndinamva kwa amayi akulira. Tsopano ndamva kuti amalume ake aitanitsa ankhoswe Loweruka pa 16. Nkhoswe wa kuchimuna ndinu. Ndiye taonani mmene zakhalira: munthu amene akukaimira banja langa ndi yemweyo amene akukachitira umboni kuti ndili ndi mkazi wina.

Ndinapempha supavaiza kuti andipatseko masiku asanu ndibwere ndekha. Anati inshala. Kuno munthu wamkulu akakuuza inshala akuyang'ana pa kompyuta, dziwa kuti wakana. Livu yanga ndi ya Febuluwale. Pofika Febuluwale nkhani idzakhala itauma.

Nditamufotokozera Edwin, anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anasiya, chifukwa nayenso ali ndi mkazi kwawo amene sanamuone zaka ziwiri. Ine ndinakwiya nayo katuniyo, masiku atatu ndinakana chomvetsera chake. Tsiku lachinayi ndinalandira. Ndipo gawo la tsiku limenelo, ngati ojambula ake akudziwa, linali loti mkazi wa mlonda uja wabwera kudzamufuna. Waima tsidya lina la mlatho ndi kamtolo kake, chifunga chili tolo, akumuyang'ana. Mlathowo ndi waufupi, mapazi makumi awiri okha. Koma mwamunayo anauzidwa kuti asachoke pamalo pake, ndiye wangoima, dzanja pa lupanga. Palibe anayetsemula tsiku limenelo. Ine ndinapezeka ndakuwa m'Chichewa kuti awoloke, chitsiru iye, bwana wakeyo anamuiwala kalekale. Basi yonse inadzuka. Edwin anandifunsa kuti ndanena chiyani, ndinamuuza kuti ndimatsokomola.

Tsiku lonse limenelo pa geti ndinkangowerenga mapazi. Kuchoka pa kanyumba kanga kufika pa msewu ndi mapazi makumi awiri ndi atatu. Ndinkaganiza kuti ndikangopitirira, kuwoloka msewu, kuyenda osatembenuka, mwina mchengawu usanduka dothi lofiira, nyumba zazitalizi zisanduka mapiri a kwathu, ndipo madzulo ndipezeka ndikutsika pa Mlangeni ndi yunifolomu yomweyi, Wendy akundithamangira. Ndinafikadi pa msewupo kawiri. Kenako ndinabwerera, chifukwa ine si chojambula, ndipo pasipoti siwoloka nyanja wapansi.

Muenvulopu muno mupezamo chithunzi. Edwin anakachisindikiza ku shopu ya pafupi ndi siteshoni ya metro. Ameneyo ndiye Samira wanu. Muone ndevu zakezo, muone mamina. Luckson alinso ndi magawo atatu pa foni yake, ndipo wavomera kutsika pa Lizulu Lachisanu asanapitirire kwawo. Mumulandire bwino, si wa mlandu uwu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asiye kulira, mwana wawo sanalowe Chisilamu ndipo sanakwatire. Moni kwa alamu, ngakhale ali ndi gawo lawo pa nkhaniyi, ndipo ndidzalankhula nawo ndekha. Moni kwa achemwali ndi alamu a ku Biriwiri, kwa azakhali, ndi kwa ana onse pakhomopo. Mayi Umi muwapatsenso moni, iwo sanalakwe. Wendy mukamuona mumuuze kuti adadi ake akumusungira chinthu choseketsa.

Chopempha changa ndi chimodzi, ndipo kunena zoona si chopempha. Musadikire pa 16. Loweruka likubwerali, pa 9, mukwere minibasi ndi Luckson mupite ku Mlangeni. Musatume alamu, musatume foni. Mukafika mukapemphe kuti pakhale amalume ake, apongozi, ndi Nelia mwini wake. Mukaimbe voisi ija pamaso pawo, mukaonetse chithunzicho, Luckson akaonetse katuniyo ngakhale akaseke. Kenako mukanene ndi pakamwa panu kuti munamva molakwa, munafalitsa musanandifunse, ndipo Samira kulibe. Za kudula foni zija mukanene kuti ndavomera ndipo ndapepesa, musakazikongoletse. Mukabwerako mukakonzenso pa bawo ndi ku chigayo, paliponse pamene voisiyo inalira.

Nelia musakamukakamize. Wakhala yekha zaka zitatu, akulima yekha, akudwazika mwana yekha, ndipo mwina ali ndi zifukwa zina zimene ine sindikuzidziwa. Ngati atamva zonsezi n'kunenabe kuti sabwerera, ndidzamva kuwawa koma ndidzamumvera. Chimene sindilola n'choti andisiye chifukwa cha mkazi amene munamuumba inu pa bawo. Akafuna kundisiya, asiye mwamuna wake weniweni, wamkwiyo, wa Sitandade 6, woonera makatuni m'basi. Pitani mukamuuze kuti ndi ameneyo ali kuno.

Ndine mng'ono wanu,
Wickson